Mwapeza ntchito kwina? Umu ndi momwe mungaperekere notisi osadziwotcha

Foni ikangolira kuti mwakhoza intaviyu ndipo akufuna mukayambe, mtima umathamangira kwa abwana amene akhala akukutopetsani aja, mukufuna mawa lomwelo mukawauze kuti basi ine ndapita, ndipo ena usiku womwewo status ya pa WhatsApp yasintha kale kuti Mulungu wayankha. Sangalalani ndithu, koma pakamwa pakhale potseka kaye. Notisi ndi nkhani ya madeti ndi mapepala, ndipo ambiri amene amapweteka nayo amakhala kuti angosokoneza ndondomeko, achita chachinayi choyamba chisanachitike. Ndiye tiyeni tizitenge mwa dongosolo lake.

Choyamba, kalata ya ntchito yatsopanoyo ikhale m'manja

Mawu a pa foni si ntchito. Munthu wa HR, ofesi yoona za antchito, akhoza kukuuzani mokoma kuti mwatengedwa, sabata yamawa mkulu wina n'kukana kusayina bajeti, kapena kampaniyo n'kuimitsa kulemba anthu, inu mutasiya kale kwanu. Dikirani kalata yolembedwa, yokhala ndi dzina la udindo, malipiro, tsiku loyamba, komwe muzikagwirira ndi nthawi ya probeshoni, miyezi yoyamba ija yomwe amakuyesani. Ikabwera muiwerenge yonse mpaka pansi penipeni chifukwa makalata ambiri amakhala ndi kachiganizo kakuti ntchitoyi ndi yanu pokhapokha referensi, umboni wa komwe munagwirako, ikabwera bwino, kapena akafufuza mbiri yanu, kapena mukayezedwa kuchipatala, kapena satifiketi yanu ikatsimikizidwa kusukulu komwe munaphunzira. Ngati muli kachiganizo kotero ndiye kuti ntchitoyo sinakhale yanu. Afunseni kuti zonsezi zitha liti, ndipo akulembereni kuti zatha. Kenako sayinani, iwonso asayine, kope yanu muisunge ku imelo yanu yanu osati ya kuntchito.

Pamenepa pali kamsampha kena. Ofuna kukulembaniwo nthawi zina amafuna referensi kuchokera kwa abwana anu apano, ndipo akaimba foni inu musananene kanthu abwanawo amamvera nkhani kwa alendo, zomwe zimawawa kuposa kusiya kwenikweniko. Auzeni momveka kuti komwe ndili panopa musaimbeko mpaka nditakuuzani, padakali pano funsani komwe ndinagwirako kale. Olemba ntchito ambiri amazimvetsa izi, si zachilendo.

Chachiwiri, fukulani kontrakiti yakale ija

Ija munasayina tsiku loyamba osawerenga. Ngati munaitaya yang'anani mu imelo zakale, kapena buku la malamulo a kampani, chifukwa kupita ku HR kukapempha kope mwadzidzidzi patatha zaka zisanu kuli ngati kulengeza. Chomwe mukufuna kudziwa ndi kutalika kwa notisi, momwe amaiwerengera, ndiponso kuti iperekedwe kwa ndani komanso mwa njira yanji.

Kutalika kwake kumasiyana dziko ndi dziko, ndipo apa ndi pomwe malangizo a pa intaneti amasocheretsa anthu. Zija mumawerenga paliponse zakuti notisi ndi masabata awiri zimachokera ku America, komwe pafupifupi m'maboma onse, kupatula Montana, wantchito kapena bwana akhoza kuthetsa ntchito nthawi iliyonse, moti masabata awiriwo ndi ulemu chabe, lamulo silikakamiza. Kwina konse si choncho. Ku South Africa lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997 limati sabata imodzi ngati mwagwira miyezi 6 kapena kuchepera, masabata awiri ngati mwapitirira miyezi 6 koma simunakwane chaka, ndi masabata anayi ngati mwagwira chaka kapena kuposa. Ku UK lamulo la 1996 limangofuna sabata imodzi kwa munthu amene wagwira mwezi kapena kuposa, koma makontrakiti ambiri amawonjezera kufika mwezi, ndipo a maudindo akuluakulu miyezi itatu. Ku Malawi Employment Act ya 2000 imati wolandira pamwezi apereke mwezi umodzi, ku Kenya lamulo la 2007 limati masiku 28. Ku Germany ndiye kuli kakenso, masabata anayi koma tsiku lomaliza liyenera kugwera pa 15 kapena kumapeto kwa mwezi, ndipo kalatayo iyenera kukhala ya pepala yosayinidwa ndi dzanja, imelo siwerengedwa n'komwe. Lamulo nthawi zambiri limangoika malire a pansi, kontrakiti yanu ikanena nthawi yotalikirapo mumatsata kontrakitiyo.

Kawerengedwe kakenso muonetsetse. Mwezi umodzi kwa ena ndi kuchokera tsiku lomwe mwapereka kalata mpaka deti lomwelo mwezi wotsatira, pomwe kwa ena ndi mwezi wa pa kalendala, kutanthauza kuti mukapereka pa 3 Malichi notisi imayamba kuwerengedwa pa 1 Epulo n'kutha pa 30 Epulo, ndiye masiku awiri okha omwe mwachedwa akudyerani pafupifupi mwezi wathunthu. Ngati mudakali pa probeshoni nthawi zambiri notisi imakhala yaifupi, ndipo ngati kontrakiti yanu ili ndi tsiku lothera, kuchoka lisanafike tsikulo kumakhala ndi malamulo akeake, muwerenge bwino.

Mukadali m'kontrakitimo yang'ananinso zinthu zina zomwe zimaluma pochoka. Ngati kampani inakulipirirani sukulu kapena kosi, mwina munasayina kuti mukachoka zisanathe zaka zakutizakuti mudzabweza ndalamazo, zonse kapena gawo. Chimodzimodzi ndalama zomwe anakupatsani posamuka kapena poyamba ntchito. Bonasi nayo, makampani ambiri amapereka kwa okhawo amene sanapereke notisi pofika tsiku lolipira, ndiye ngati bonasi ikutuluka sabata yamawa palibe tchimo kudikira ilowe kaye mu akaunti. Ndiye pali kachigawo koletsa kukagwira kwa opikisana nawo kapena kukopa makasitomala kwa miyezi ingapo mutachoka. Mphamvu ya kachigawo kameneka imadalira dziko, ku California ku America mwachitsanzo malamulo salola zoletsa munthu kukagwira kwa opikisana nawo, pomwe kwina makhoti amazilola ngati nthawi yake ndi dera lake zili zomveka. Ngati komwe mukupitako ndi opikisana nawo enieni ndipo kachigawoka kalimo, onanani ndi loya wa za ntchito kapena a yuniyoni musanapereke kalata, ndipo komwe mukupitako muwauzenso, asadzamve kalata ya maloya itafika.

Chachitatu, khalani pansi ndi kalendala

Tsopano mukudziwa kutalika kwa notisi, ndiye werengani kuchokera tsiku lomwe mukufuna kupereka kalata mupeze tsiku lomaliza, kenako muliyerekeze ndi tsiku lomwe atsopanowo akufuna muyambe. Kunena zoona funso ili limayenera kuyankhidwa pa intaviyu pomwe, akafunsa kuti mungayambe liti muzinena notisi yanu yeniyeni, osanena kuti mawa pofuna kusangalatsa. Ngati madeti akugundana pali njira zingapo. Yophweka ndi kupempha atsopanowo asunthe tsiku, ndipo kampani yabwino imadikira, chifukwa ikudziwa kuti momwe mukuchokera kwa ena ndi momwe mudzachokere kwa iwonso. Ine kampani yomwe ikukukakamizani kuti muthawe komwe muli osapereka notisi ndimaikayikira, chifukwa ikukuonetsani kale momwe imaonera mapangano.

Njira ina ndi kupempha abwana apano akufupikitsireni notisi, ndipo akavomera zilembedwe. Ina ndi kugwiritsa ntchito masiku a livi omwe atsala kuti adye mbali ya notisi, koma izi si ufulu wongodzitengera, malo ambiri bwana ayenera kuvomera. Yomaliza ndi kulipira m'malo mwa notisi, kutanthauza kuti mupereka kapena akudulani ndalama yofanana ndi malipiro a masiku omwe simunagwire. Malamulo a maiko angapo amalola zimenezi, ndipo nthawi zina kampani yatsopano ikakufunitsitsani imavomera kukulipirirani, funsani, palibe amene anamangidwa chifukwa chofunsa. Chomwe simuyenera kuchita ndi kungosowa. Kusabwera kuntchito notisi isanathe ndi kuphwanya kontrakiti, akhoza kukudulani ndalama komwe lamulo limalola, akhoza kukusumirani ngakhale kuti ambiri safika pamenepo, koma chachikulu n'chakuti fayilo yanu imatsekedwa ndi mawu akuti anathawa ntchito, ndipo mawu amenewo amakutsatani.

Werenganinso ndalama. Salale yomaliza kuno ndi yoyamba uko sizigundana bwino nthawi zonse, mukayamba pakati pa mwezi mutadutsa tsiku lomwe amatseka mndandanda wa malipiro mukhoza kudikira masabata asanu kapena asanu ndi limodzi musanaone kalikonse. Inshuwaransi ya chipatala ya kuntchito nthawi zambiri imatha tsiku lomaliza kapena kumapeto kwa mwezi umenewo, ndipo yatsopano mwina siyamba pompopompo, ndiye ngati pali mankhwala omwe mumamwa tsiku ndi tsiku kapena mwana wofunika kuonana ndi dokotala, zichiteni khadi idakali kugwira ntchito. Ngati muli ndi ngongole ya kuntchito funsani kuti yotsalayo adzaidula yonse pa salale yomaliza kapena ayi, chifukwa anthu ena amadzidzimuka kulandira ziro.

Amene mukugwira kunja kwa dziko lanu, apa samalani kawiri. Chilolezo chogwirira ntchito nthawi zambiri chimamangidwa pa dzina la kampani. Ku UK munthu wa Skilled Worker visa akasintha kampani amayenera kupempha kuti visa isinthidwe, ndipo ku America wa visa ya ntchito ya H-1B sangayambe kwina kampani yatsopanoyo isanatumize mapepala ake kuboma. Musapereke notisi mapepala amenewa asanafike poti mukhoza kuwadalira.

Ngati zingatheke siyani masiku angapo opuma pakati pa ntchito ziwirizi. Kutseka Lachisanu uku n'kuyamba Lolemba uko kumatheka, koma mumafika mutu udakali kwakale.

Chachinayi, longedzani mwakachetechete musanalankhule

Ichi anthu amachiiwala kwambiri. Makampani ena, makamaka a za ndalama, a zamalonda ndi a makompyuta, ukangopereka notisi amatseka akaunti ola lomwelo, mlonda n'kukuperekeza mpaka pageti, osati chifukwa chakuti akuda koma ndi lamulo lawo basi. Ndiye tsiku lomwe mukukalankhula muzikhala okonzeka ngati ndi lomaliza. Ma payslip anu onse, kontrakiti, makalata okukwezani udindo, mapepala oyesa kagwiridwe kanu ka ntchito, masatifiketi a makosi, zonsezi ndi zanu, tengani makope. Zithunzi za banja ndi mafayilo anu omwe ali mu laputopu ya kampani chotsani. Maakaunti anu omwe munatsegulira imelo ya kuntchito, kaya LinkedIn, kaya banki, kaya penshoni, sinthani muike imelo yanu, ndipo ngati nambala ya foni ndi ya kampani onetsetsani kuti makodi otsimikizira polowa mu akaunti asamapitenso ku nambala imeneyo, apo ayi mudzapezeka mukupempha munthu amene analowa m'malo mwanu kuti akuwerengereni kodi ya ku banki.

Koma malire ake ndi awa, za kampani musakhudze. Mndandanda wa makasitomala, mitengo, mapulani, ma code, malipoti, ngakhale munazilemba ndinu usiku osagona, ndi za kampani. Kuzikopera mu fulashi kapena kuzitumiza ku Gmail yanu kumaoneka, a IT oyang'anira makompyuta amatha kuona zomwe zatuluka ndi nthawi yake, ndipo sabata yomwe munthu wapereka notisi ndi yomwe amayang'anitsitsa. Anthu achotsedwa ntchito ali pa notisi chifukwa cha zimenezi, ena ntchito yatsopano yomwe n'kuwathera. Ngati mukufuna zitsanzo za ntchito yanu zoti muzidzaonetsa kwina, pemphani chilolezo cholembedwa.

Ndipo mnzanu wapamtima wa mu ofesi uja musamuuze kaye. Sikuti ndi woipa, kungoti naye ali ndi mnzake wapamtima.

Chachisanu, abwana anu amve kuchokera kwa inu

Woyamba kumva akhale amene mumagwira pansi pake mwachindunji, HR ibwere pambuyo. Pemphani mphindi khumi zokha, maso ndi maso, kapena pa vidiyo ngati mumagwirira kutali. Meseji ya pa WhatsApp ayi, pokhapokha ngati munthuyo sapezeka mwa njira ina iliyonse. Sankhani nthawi yomwe sakuthamangira miting'i, ndipo musazungulire, nenani m'chiganizo choyamba. Mukhoza kunena kuti, bwana, ndapempha kuti tionane chifukwa ndaganiza zosiya ntchito, ndapeza mwayi kwina ndipo ndavomera, malinga ndi kontrakiti tsiku langa lomaliza likhala lakutilakuti, kalata ndi iyi, ndipo ndikufuna tikambirane momwe ndisiyire ntchito zomwe zili m'manja mwanga. Mukatero khalani chete. Chete ameneyu amavuta, ndipo anthu pofuna kumudzaza amayamba kupepesa kapena kufotokoza zomwe sanafunsidwe.

Adzafunsa kuti mukupita kuti. Simukakamizidwa kunena, kupatula ngati kontrakiti yanu ikunena kuti muziulula mukamapita kwa opikisana nawo. Mukhoza kuyankha mwaulemu kuti ndidzakuuzani ndikakhazikika. Kunama kokha musaname, zakuti ndikupita kusukulu kapena ndikukapuma pomwe mwezi wamawa adzakuonani pa LinkedIn muli ndi udindo watsopano. Adzafunsanso chifukwa chake, ndipo yankho lalifupi loona likukwana, kuti ndi mwayi womwe ukundipititsa komwe ndikufuna kupita. Madandaulo a zaka zitatu musawakhuthule apa, ngakhale atakhala oona, chifukwa munthu amene wangomva kuti mukuchoka samva china chilichonse.

Mabwana amalandira nkhaniyi mosiyana. Wina akuyamikirani, wina akhala chete n'kuyamba kukuyankhani mwachidule mwezi wonse, wina akwiya n'kunena kuti ndinakutola ulibe kanthu ndiye wandibwezera zimenezi. Mawu otere amabaya koma musabweze, bwerezani tsiku lomaliza ndi nkhani ya handova, kusiya ntchito zanu m'manja mwa wina, mutuluke. Musanatuluke, ngati zinthu zili bwino, gwirizanani kuti anzanu ndi makasitomala auzidwa liti ndipo awauza ndani.

Chachisanu ndi chimodzi, kalata

Ikhale yaifupi. Kalata imeneyi imalowa mu fayilo ndipo idzawerengedwa ndi anthu omwe simukuwadziwa zaka zikubwerazi, ndiye muikemo zokhazo zomwe simungachite nazo manyazi. Deti la tsiku lomwe mukupereka, mawu omveka akuti mukusiya, udindo wanu, tsiku lomaliza lolembedwa lonse, ndi siginecha. Mwachitsanzo:

Okondedwa bwana, ndikulemba kukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya (udindo). Potsatira notisi ya mwezi umodzi yomwe ili mu kontrakiti yanga, tsiku langa lomaliza kugwira ntchito likhala (deti). Ndikuthokoza chifukwa cha mwayi womwe ndakhala nawo pano, ndipo ndine wokonzeka kusiya ntchito zanga m'manja mwa amene mungasankhe tsikuli lisanafike. Chonde nditsimikizireni kuti mwalandira kalatayi, komanso mundidziwitse za malipiro anga omaliza ndi masiku a livi omwe atsala.

Basi, yatha. Muilembe m'chilankhulo chomwe kampani yanu imagwiritsa ntchito m'makalata ake. Chofunika kwambiri ndi umboni wakuti yalandiridwa tsiku lakuti, chifukwa notisi imayamba kuwerengedwa ikafika kwa iwo, ndipo zimachitika kuti bwana amaiika mu drowa sabata ziwiri akuyembekeza kuti musintha maganizo, kenako HR n'kunena kuti ife tailandira lero. Sindikizani makope awiri, ina asayine ndi kulemba deti ikhale yanu, ndipo tsiku lomwelo tumizaninso pa imelo kwa abwana ndi HR, kope ina ipite ku imelo yanu. Dziwaninso kuti m'maiko ambiri kusiya ntchito sikudikira kuti bwana avomere, akanena kuti sindikulandira kalata yako masiku amawerengedwabe. Mbali ina ya nkhani yomweyo ndi yakuti mukapereka simungaibweze mwa inu nokha, mukasintha maganizo zimatengera iwo kuvomera.

Akakuwonjezerani ndalama kuti mukhale

Izi zimabwera kawirikawiri, mwina tsiku lomwelo, mwina patapita masiku awiri akuluakulu atakambirana. Tikuwonjezera salale, tikukweza, tikusinthira dipatimenti. Zimakoma kumva, makamaka ngati mwakhala mukupempha zaka osayankhidwa. Yankho lake muyenera kukhala nalo musanalowe mu ofesi muja, chifukwa mukaliganizira pomwepo mtima ndi umene uyankhe. Dzifunseni chomwe chinakutumani kukafuna ntchito kwina. Ngati inali ndalama yokha basi ndipo zina zonse mumazikonda, mwina kukhala n'komveka, koma zomwe alonjezazo zilembedwe, ndi deti lomwe ziyambe, musanakane kwinako. Ngati chinali khalidwe la abwana, kapena ntchito yosapita patsogolo, kapena maola osatha, ndalama sizichotsa zimenezo, mwezi wachitatu mudzazipeza zili pompo. Ganiziraninso kuti ndalama yomwe yapezeka lero mu maola 48 inali kuti nthawi yonseyi, ndiponso kuti kupeza munthu wina ndi kumuphunzitsa kumawadyera nthawi ndi ndalama, ndiye kukusungani miyezi ingapo akukonzekera kumawapindulira. Sindikunena kuti onse amaganiza choncho, alipo mabwana amene amadzidzimuka moona mtima n'kukonza zinthu.

Chomwe ndimakaniza ndi kusewera mbali ziwiri, kutenga ofa, zomwe akulonjezani, ya uku kukaopsezera uko, kenako ya uko kubwera nayo kuno, sabata ikutha musanayankhe aliyense. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Atsopano aja akamva kuti mukuwagwiritsa ntchito pokweza mtengo akhoza kubweza ofa, ndipo akale aja akudziwa kale kuti phazi lina lili panja. Ngati mwasayina kale kwatsopano, kubwerera m'mbuyo kulinso ndi mtengo wake, kontrakiti imeneyo nayo ili ndi notisi yake ndipo dzina lanu kumeneko lada. Ngati mwatsimikiza zopita, kanani kamodzi mwaulemu, zikomo kwambiri koma ndaganiza kale, osasiya kampata koti azibwerabwera.

Chachisanu ndi chiwiri, masabata otsalawo

Anthu sakumbukira kwenikweni zaka zinayi zomwe munagwira bwino, amakumbukira mwezi womalizawu, chifukwa ndi umene amatsala akuvutika nawo kapena kupepukidwa nawo. Fikani pa nthawi yake, gwirani ntchito, malamulo onse a kampani akukukhudzanibe ndipo mukhoza kuchotsedwa muli pa notisi. Sabata yoyamba yomwe lembani chikalata cha handova, osadikira tsiku lomaliza. Mulembemo ntchito zomwe zili pakati ndi pomwe zafika, zomwe zili ndi tsiku lotsekera, anthu omwe mumalankhula nawo pa nkhani iliyonse, komwe mafayilo ali, ndi tinthu tija timangokhala m'mutu mwanu, monga lipoti lomwe limatumizidwa mwezi uliwonse popanda wokukumbutsani kapena kasitomala amene amafuna foni osati imelo. Mapasiwedi musawalembe pa pepala loyendayenda, a IT asamutse maakauntiwo mwa njira yake. Ngati wolowa m'malo wapezeka khalani naye achite yekha inu mukuona. Ngati sanapezeke, si mlandu wanu, perekani chikalatacho kwa abwana pa imelo ndipo tsiku lomaliza lisasunthe chifukwa cha zimenezo. Akapempha kuti muwonjezere sabata, yankho likhale lotengera tsiku lomwe munalonjeza kwatsopano.

Ntchito zatsopano zazitali musavomere, nenani poyera kuti iyi sinditha kuimaliza, ndibwino aiyambe amene atsale. Ndipo pakamwa posimba za komwe mukupita pachepe, anzanuwo akutsala pomwepo ndipo safunika kumva tsiku lililonse kuti pano ndi pachabe. Kukopa anzanu kapena makasitomala kuti akutsatireni mudakali pa malipiro a kampaniyi ndiye kungakuikeni m'mavuto enieni.

Malo ena amakuuzani kuti khalani kunyumba mpaka notisi ithe, tizikulipirani. Ku UK zimenezi n'zofala kwa anthu omwe akupita kwa opikisana nawo. Zikatero mudakali wantchito wawo, ndiye simungayambe kwatsopano masikuwo asanathe pokhapokha atakumasulani molemba. Zikakhala kuti akuti chokani lero lomwe, funsani molemba ngati akulipirani masiku a notisi otsalawo, chifukwa m'maiko ambiri omwe notisi ili m'lamulo, bwana akakuchotsani msanga amayenera kulipira masikuwo.

A HR akakuitanani kuti mufotokoze chifukwa chomwe mukuchokera, mukhoza kupita kapena kukana mwaulemu. Mukapita nenani zinthu zomwe zingakonzedwe, monga kuchuluka kwa ntchito kapena kusowa kwa mwayi wokwera, ndipo muzilankhula podziwa kuti zikhoza kufika kwa amene mukumunenayo. Koma ngati panali nkhanza, kuzunzidwa kapena zachinyengo, imeneyo ndi nkhani ina, ilembedwe mwa njira yake ya madandaulo, ndipo ngati ndi zimene zikukuchotsani funsani malangizo a zamalamulo musanalembe kalata yosiya ija, chifukwa mawu a m'kalatamo akhoza kukhudza mlandu wanu.

Tsiku lomaliza

Bwezani zonse, laputopu, chaja, foni, makiyi, khadi ya pakhomo, yunifomu, galimoto ngati ilipo, ndipo wolandirayo asayine pa mndandanda kuti walandira zili bwino, inu mutenge kope kapena mujambule. Popanda pepala limeneli chaja yomwe yasowa miyezi iwiri kutsogolo idzakhala yanu. Pemphani akuonetseni kawerengedwe ka malipiro omaliza, masiku omwe mwagwira, livi yomwe simunatenge, ovataimu, ndalama zanu zomwe munagwiritsa ntchito pa za kampani, ndi zonse zomwe adula. Dziwani kuti m'maiko ambiri wosiya yekha salandira ndalama zija amapereka kwa wochotsedwa ntchito, ndiye musaziwerengere mu bajeti musanafunse. Akakupatsani pepala lakuti sayinani kuti simudzafunanso kanthu ku kampaniyi, musasayine mothamanga pakhomo, pitani nalo mukawerenge, makamaka ngati ndalama zina sizinalowe.

Tengani kalata yotsimikiza kuti munagwira pamenepo kuyambira liti mpaka liti komanso pa udindo wanji, ku South Africa ndi ku Kenya lamulo limakakamiza bwana kuipereka. Mapepala a msonkho nawonso, ku UK ndi fomu ya P45 yomwe mumakapereka kwatsopano kuti asakuduleni msonkho molakwika. Za penshoni funsani nambala yanu ya umembala, dzina la kampani yomwe imasunga ndalamazo, ngati zopereka za miyezi yonse zinatumizidwadi, ndi momwe mungazisamutsire. Referensi pemphani tsiku lomwelo anthu akadakukumbukirani bwino, ndipo mutenge nambala kapena imelo yawoyawo ya munthuyo chifukwa nayenso mawa akhoza kuchoka pamenepo.

Uthenga wotsanzika ukhale wa mizere itatu kapena inayi, kuthokoza, kunena amene atenge ntchito zanu, ndi momwe angakupezereni amene akufuna. LinkedIn musinthe mukayamba kwatsopano, osati lero. Ndipo sabata zotsatira akale aja akamaimba kufunsa kuti fayilo yakuti ili pati, kuyankha kamodzi kawiri ndi umunthu, koma zikafika poti akufuna muziwagwirira ntchito madzulo, alozereni ku chikalata cha handova chija, kapena mukambirane za malipiro, mutaona kaye ngati kontrakiti yanu yatsopano ikulola kugwira ntchito ina pambali.